Ndowa ya Apongozi pa Tsiku la Mayeso

Ndinayamba ndi kutunga madzi, monga amayambira akazi onse amene amapezeka pamalo omanga nyumba kwathu kuno. Ndinakwatiwa chitengwa m'mudzi wina kumtunda kwa Chimbiya, m'banja la amisiri. Apongozi anga aamuna anayamba kumanga nyumba za anthu ine ndisanabadwe. Amuna anga ankamanga nawo, koma mwana wathu wamkazi ali ndi miyezi inayi, iwo anakwera basi ya ku Joni, ndipo kuchokera pamenepo timangowamva pafoni.

Atachoka, manja anachepa pantchito. Ndinachoka pa kutunga madzi n'kuyamba kukanda matope. Tsiku lina msana unawagwira apongozi, khoma la m'kati lili pakatikati, matope akuuma m'wilibala. Anandilozera njerwa ndi mpeni wawo womangira, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wa chipongozi.

"Amake mwana, tangosanjani zatsalazo. Ndi kuchipinda uko, sikufika alendo."

Ndinasanja. M'mawa mwake anaika levulo pakhomapo kuti aone ngati lawongoka, anaiyang'ana nthawi yaitali. Kuyambira tsiku limenelo mpeni wa amuna anga unakhala m'manja mwanga.

Chimene chinatitumiza ku mayeso ndi mdadada wa makalasi awiri pasukulu ya m'mudzi mwathu. Apongozi ankadziwa kuti ntchitoyo ndi yawo, poti nyumba ya aphunzitsi pasukulupo anamanga ndi iwo. Koma eni chitukuko anati ntchito ipite kwa kontirakitala wolembetsedwa, wokhala ndi chiphaso. Kunabwera bambo wina wa ku Boma, nsapato zosongoka, envulopu m'khwapa. Anapatsidwa ntchitoyo, n'kulemba apongozi anga ganyu yoti amange. Iye ankangobwera Lachisanu kudzajambula makoma pafoni. Apongozi zinawawawa kwambiri, mpaka anasiya kudutsa njira ya kusukulu popita kutchalitchi.

Anafunsa kwa odziwa, ndipo anauzidwa zofunika. Kampani iyenera kukhala ndi dzina lolembetsa, pepala la msonkho ndi buku la kubanki. Zimenezi munthu akhoza kuyendera. Koma pamwamba pa zonse pankafunika setifiketi yosonyeza kuti m'kampanimo muli mmisiri amene anayesedwa n'kukhoza. Anatiuzanso kuti anthu ophunzira umisiri pantchito, osapita kukoleji, amaloledwa kukayesedwa. Banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti tipite awiri: apongozi chifukwa cha zaka zawo pantchito, ine chifukwa ndinafika Sitandade 6 ndipo manambala sankandivuta. Wina akalephera, wina akhoza.

Ine ndinali ndi changa mumtima, chimene sindinauze munthu. Ndinkafuna pepala lolembedwa dzina langa. Ndinali nditaona ku Boma mayi wina atakwera pansanja, akumanga sitolo, ndipo nditalimba mtima kumufunsa anati, "Achemwali, popanda pepala mudzafa muli wothandiza. Ndi pepala mukafika pamalo alionse amakulembani ngati mmisiri." Mafoni a ku Joni anali atayamba kutalikirana. Ndinkadziwa kuti tsiku lina ndidzauzidwa kuti ndibwerere kwathu, kapena ndidzafuna ndekha kuchoka, ndipo sindinkafuna kuchoka ndi mwana kumbuyo ndi manja okha.

Tinkapita kukaphunzira Loweruka lililonse pamalo ena ophunzitsirapo ntchito zamanja ku Boma. Tinali anthu pafupifupi makumi awiri, mkazi ine ndekha. Aphunzitsi athu anali bambo wamfupi wokonda nthabwala. Tsiku loyamba anatiuza kuti, "Diso lanu lija mumadalira, mulisiye kunyumba. Kuno timayendera tepi."

Apongozi anadzuka. "Aphunzitsi, nyumba zanga zagwa zingati?"

"Sizinagwe, bambo, ndikukhulupirira. Koma oyesa sadzakwera kabaza kukaziona."

Anthu anaseka, apongozi anakhala pansi akung'ung'udza. Zoona zake n'zakuti kumudzi timamangira njerwa zoumba pamanja, ina yonenepa ina yowonda, ndipo mmisiri amawongola mzere pochulukitsa kapena kuchepetsa matope. Ku mayeso njerwa ndi zofanana, ndipo matope a pakati pa njerwa ayenera kukhala mamilimita khumi paliponse, osaposa osachepa. Munthu uyeneranso kuwerenga pulani, kudziwa kuti mzere uwu papepala ndi khoma ukaliyang'ana kuchokera pamwamba, uwu ndi khoma lomwelo ukaliyang'ana kutsogolo. Apongozi pulani ankainyamula mozondotsa.

Ine ndinkamva msanga, koma ndikanawaphunzitsa bwanji? Mtengwa sakhala mphasa imodzi ndi apongozi aamuna, ndipo sangawauze kuti apa mwalakwitsa. Ndiye ndinapeza njira. Kuseri kwa khitchini ndinaunjika njerwa, ndipo madzulo dzuwa lisanalowe ndinkamanga kakhoma ndi matope a dothi, n'kugumula, n'kumanganso. Apongozi ankakhala pampando pansi pa mtengo wa pichesi, akusoka thumba kapena kunola khasu. Ine ndinkajambula pulani pansi ndi kamtengo, zilembo zikuluzikulu zoyang'ana kumene akhala, n'kumalankhula ndi mwana ali kumbuyo.

"Waona iwe? Tikayang'ana pamwamba, chipilala chili kudzanja lamanja. Mzere woyamba tiyamba ndi njerwa yathunthu, wachiwiri ndi yodula. Wamva?"

Mwanayo, amene anali asanayambe n'kulankhula komwe, ankangondikoka mpango. Apongozi ankatsokomola kamodzi ngati amva, kawiri ngati akufuna ndibwereze. Tinachita choncho milungu isanu ndi umodzi, ndipo palibe tsiku limene tinatchulapo kuti ndikuwaphunzitsa.

Apongozi aakazi ankaonera zonsezi ali pakhonde, akusenda mbatata ya kachewere. "Koma mwana ameneyu adzakhala injiniya asanamere mano onse," ankatero. Atamva kuti ku mayeso aliyense avale ovolosi, anagwira pakamwa. "Buluku pamaso pa apongozi anu? Muvale, koma chitenje pamwamba. Tisamve manyazi ku Boma."

Tsiku la mayeso linali la mwezi wa Julaye, chifunga chili chotseka phiri lonse. Mwana ndinamusiya akulira m'manja mwa agogo ake aakazi. Pa Chimbiya tinakwera minibasi, apongozi kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni pakati pa matumba a kabichi. Manja anali atauma ndi chisanu, ndinkawapumira mpweya njira yonse.

Pabwalo la mayeso anali atajambula malo a munthu aliyense ndi laimu, ndipo pamalo alionse panali mulu wa njerwa, mchenga, laimu wokandira matope, fosholo ndi ndowa imodzi. Malowo anawagawa motsatira m'mene tinalembetsera. Ife tinalembetsa tsiku limodzi, motsatizana, choncho malo anga anagundana ndi a apongozi. Ndikanapempha kuti andisinthe, mwina akanalola. Sindinapemphe. Ndinali ndisanalankhulepo mokweza pagulu la amuna.

Oyesa anali bambo wamtali wovala jekete loyera, wotchi pamkono, pepala pakabolodi. Anatiwerengera malamulo momveka bwino. Timange khoma lalifupi lokhala ndi ngodya ndi chipilala kumapeto, mizere khumi ndi iwiri, ndipo timalize ndi kusalaza mipata ya matope. Nthawi ndi maola anayi. Aliyense atunge yekha madzi, akande yekha matope, awerenge yekha pulani. Wenzulo ikalira, mpeni pansi.

Ndinayamba bwino. Madzi oyamba tonse tinatunga wenzulo yoyambira isanalire. Ndinayeza, ndinakoka chingwe, ndinaika sikweya kuti ngodya iwongoke. Njerwa za kumeneko zinali zokoma kugwira, zofanana ngati buledi wa m'sitolo. Pofika mzere wachinayi chisanu chinali chitachoka m'manja, ndipo ndinaiwala kuti pali anthu. Sindinamvepo bwino choncho pantchito.

Kenako ndinamva mawu kumanzere kwanga, osakweza, monga amanenera tsiku lililonse.

"Amake mwana, madzi atha kuno."

Sindinganame kuti ndinaganiza kaye. Ndinaika mpeni pansi, ndinatola ndowa yawo, ndinapita. Mpope unali kuseri kwa nyumba yophunziriramo, madzi akutuluka ngati ulusi, ndipo panali anthu atatu patsogolo panga. Mmodzi wa iwo, bambo wa ku Kasina amene tinkaphunzira naye, anandiyang'ana n'kuseka.

"Mlamu, ndowa imeneyo si ya madala aja? Mwabwera kudzalemba mayeso kapena mwabwera kuchitengwa?"

Ndinayang'ana pansi. Nditabwerera ndinagwada, ndinaika ndowa pafupi ndi phazi lawo, ndinadzuka. Matope anga anali atayamba kulimba pamwamba, ndinayenera kuwakandanso.

Apongozi anazolowera matope ofewa kwambiri, ndipo madzi ankawathira mosaumira, ena kunyowetsera njerwa, ena kusamba m'manja, poti moyo wawo wonse madzi ankangofika okha. Sindikhulupirira kuti anachita dala. Pazaka zonse zimene akhala akumanga, sanayendepo ndi ndowa. Lamulo lija analimva, koma m'mutu mwawo linali la anthu amene alibe wowatungira.

Ndili pamzere wachisanu ndi chimodzi, anaitananso.

"Amake mwana, matopewa auma. Tathirani timadzi, mutembenuze."

Ndinali nditagwira kale fosholo yawo pamene oyesa anafika.

"Mayi, malo anu ndi ati?"

Ndinaloza ndi mutu.

"Nanga apa mukutani?"

Apongozi anayankha m'malo mwanga, akumwetulira ngati akufotokozera mlendo njira. "Bwana, musadandaule, ndi apongozi anga awa. Akazi a mwana wanga."

"Bambo, pabwalo lino palibe apongozi. Pali nambala seveni ndi nambala eyiti."

Amuna onse anaseka, mpaka wina anagwetsa njerwa. Wina anakuwa kuti, "Madala, mukanabwera ndi amayi akunyumba omwe, akuphikireni tiyi!" Apongozi nkhope inagwa. Ndinaona munthu wamkulu amene m'mudzi mwathu amakhala kutsogolo pamaliro, akusekedwa ndi anthu a msinkhu wa ana ake. Ndipo ndinamva ngati wawachititsa manyazi ndine.

Oyesa anatsitsa mawu, n'kulankhula ndi ine ndekha. "Mayi, mukakhudzanso matope awo kapena njerwa yawo, nonse awiri ndikutulutsani. Za madzi sindingakumangeni miyendo. Koma wotchi iyi siima chifukwa cha ulemu. Mwamva?"

"Ndamva," ndinatero, kapena ndinangoganiza kuti ndatero.

Ndinabwerera pakhoma langa. Mzere wachisanu ndi chiwiri ndinauika mokhota, ndinauchotsa, ndinauikanso. Mabere anali atadzaza, akuwawa, mkaka utayamba kudontha m'kati mwa ovolosi. Ndinadziuza kuti basi, sindiyang'ananso kumanzere.

Apongozi sanaitanenso. Chimene ndinamva patapita nthawi ndi kulira kwa ndowa yopanda kanthu, ataigunda ndi phazi. Mwina anaigunda mwangozi. Ndinayang'ana m'mbali mwa diso. Anali ataima, mpeni m'manja, akuyang'ana njira ya kumpope, kenako amuna amene anawaseka aja, kenako ndowa. Ndinadziwa kuti sapita. Akanalola khoma lawo lithere pomwepo kusiyana ndi kudutsa pakati pa anthu amenewo atanyamula ndowa, mtengwa wawo ali pompo. Ndinaganiza za madzulo, tikafika kunyumba, apongozi aakazi akafunsa kuti zayenda bwanji. Ndinaganiza za foni ya ku Joni. Nkhani yoti mtengwa anasiya apongozi ake ataima ndi ndowa youma pakati pa anthu ikanafika kumudzi ife tisanatsike minibasi.

Ndinapita. Palibe anandituma. Ulendo umenewu pampope panali anthu asanu, poti aliyense madzi anali atamuthera nthawi imodzi. Ndinaima pamzere ndi ndowa ziwiri, yawo ndi yanga, ndikumva mipeni ikugogoda njerwa kuseri kwa nyumba. Palibe amene anandisekanso. Bambo wa ku Kasina uja, amene anali patsogolo panga, anandipatsa malo ake, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka kuja.

Wenzulo inalira ndili pamzere wa khumi. Mizere iwiri inatsala, ndipo mipata sindinasalaze ngakhale umodzi. Apongozi anali atamaliza. Khoma lawo linali ndi matope onenepa apa ndi apo, koma linali lathunthu, chipilala chili kudzanja lamanja.

Oyesa anayenda khoma ndi khoma. Pa langa anaika levulo m'mbali, pamwamba, pangodya. Anayeza mipata itatu ndi tepi. Anaitana mnzawo amene ankayesa mbali ina, nayenso anayeza.

"Munaphunzira kuti kumanga?"

"Kwa apongozi," ndinayankha.

Anayang'ana khoma la apongozi, anayang'ananso langa. "Pabwalo lino palibe ngodya yoposa iyi. Koma sindingapereke malikisi pa mizere imene kulibe. Mudzabwerenso, mayi. Mudzabwere nokha."

Atamaliza kulemba, anatiuza kuti aliyense agumule khoma lake, apale njerwa, aziunjike bwino kuti ena adzagwiritse ntchito. Ndinagumula langa. Kenako ndinagumula la apongozi, poti msana unali utawagwira, ndipo mayeso anali atatha.

Titatsika minibasi, tikukwera chitunda cha kumudzi, apongozi patsogolo ine pambuyo, ananena osatembenuka kuti, "Nthawi yawo ija ndi yochepa. Amangofuna kugwetsa anthu." Ndinati, "Eya, bambo."

Zotsatira zinatuluka patapita miyezi. Apongozi anakhoza, ine ndinalephera. Pakhomo panaphedwa nkhuku, ndinaiphika ndine. Apongozi aakazi analuluta, n'kunditonthoza kuti, "Musadandaule, mwana wanga, zinthu zimenezi n'zachimuna. Mwayesetsa." Amuna anga anaimba foni tsiku limenelo, anacheza ndi bambo awo nthawi yaitali, ndipo kwa ine anati, "Ndimadziwa kuti sizingatheke. Bola madala atiwombola." Za ndowa palibe anatchula. Sindikudziwa ngati apongozi amazikumbukira n'komwe.

Setifiketi anaiika m'felemu. Anayenda maulendo a ku Lilongwe, ndipo chiphaso cha kampani chinatuluka, cha gulu la makontirakitala ang'onoang'ono. Ntchito zinayamba kubwera: zimbudzi za pasukulu ina, kanyumba kodikiriramo odwala, mpanda wa tchalitchi. Pulani ikabwera amaisiya pampando pakhonde, n'kuchokapo. Ine ndimaitenga, ndimawerenga, ndimakoka zingwe za maziko ndi kuyambitsa ngodya zonse. Mwana wanga tsopano amalankhula ndipo amafunsa mafunso, choncho sindingamugwiritsenso ntchito ngati kale. Ndimangolankhula ndekha mokweza, ngati wamisala.

Chaka chotsatira, nditamva kuti ayambanso kulembetsa mayeso, ndinapita kwa apongozi aakazi kuti akandinenere kwa apongozi aamuna. Anabwera ndi yankho tsiku lomwelo. "Akuti pepala lilipo kale pakhomo pano. Lachiwiri n'lachiyani? Kapena muli ndi ulendo?" Anandiyang'ana m'maso pofunsa zimenezo. Ndinati ndilibe ulendo.

Ndinapita kwathu kukadandaula kwa amalume anga, amene ndi nkhoswe ya ukwati wanga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ndi za ndowa zomwe. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Unachita bwino, mphwanga. Ukanawasiya, bwenzi tikukamba mlandu pano. Pita ukagwade, upemphe wekha bwinobwino." Ndinapita, ndinagwada patali, ndinapempha. Apongozi sanakane. Anati, "Timalize kaye mpandawu. Mukachoka inu Loweruka lililonse, ngodya aziyambitsa ndani?" Aka kanali koyamba kuvomera ndi pakamwa pawo kuti ngodya ndimayambitsa ndine, ndipo anavomera pofuna kunditsekera njira.

Mpanda unatha, panabwera nyumba ya anamwino. Kulembetsa kunkatsekedwa Lachisanu lina masana. Ndinalidziwa tsikulo, bambo wa ku Kasina uja ananditumizira uthenga kawiri. M'mawa wa tsikulo ndinavala chitenje chabwino pamwamba pa ovolosi, chitupa changa cha unzika ndinachimanga pamfundo. Kuchokera pamene tinkamanga kufika pamsewu waukulu ndi mtunda waufupi, ndipo minibasi za ku Boma zinkadutsa ndikuziona. Ndinadziuza kuti ndimalize mzere uwu ndipite. Kenako kunabwera galimoto ya simenti, apongozi anati ndiwerenge matumba. Kenako kunabwera woyang'anira ntchito wa eni nyumbayo, ndi pepala loti tilembe maina a onse ogwira ntchito pamalopo ndi udindo wa aliyense. Apongozi anandipatsa cholembera, poti wolemba bwino ndine.

Ndinalemba dzina lawo, pambali pake mmisiri. Ndinalemba amuna awiri amene timagwira nawo. Pomaliza ndinalemba langa. Woyang'anira uja anasuzumira papepala n'kufunsa kuti, "Mayiwa ali ndi setifiketi?" Apongozi anati ayi. "Ndiye lembani wothandiza," anatero.

Ndinalemba ndi dzanja langa. Nditakweza maso, dzuwa linali litapendeka kale.